Pamkono Kapena Pachifuwa

Rovigo, ku Italiya
21 Febuluwale 2015

Iwe Aurica,

Ndikhulupirira uli bwino, pakuti ukanadwala ndikanamva kale, foni yako imagwira bwino ntchito mavuto akakhala anu. Moni kwa mdzukulu wanga Sanda. Kwa mwamuna wako Ghenadie usapereke moni, sindinamutumizire. Ine kuno ndili moyo. Zoti ndili bwino sindinanene.

Ndikulemba pamanja chifukwa pafoni umandidula mawu. Zilembo zikapendama usaseke, mayi ako sukulu anasiyira panjira kukakama ng'ombe za boma, ndiponso ndikulemba chogona. Kalatayi ibwera ndi minibasi ya Lamlungu m'malo mwa katoni ya katundu imene ndimakutumizirani. Katoni kulibe. Umuuziretu Ghenadie asavutike kukadikira kumsewu.

Zinovia wakuuza kale kuti ndili m'chipatala, koma mnzanga ameneyu nkhani amaiyambira kumchira, ndiye imva kwa mwiniwake. Ndinkawasambitsa a Ottavio, nkhalamba imene ndaisamala zaka zonsezi, m'mimba n'kundigwira ngati galu wandiluma mkati. Ndinamaliza kuwapukuta, ndinawaveka, ndinawakhazika pampando, kenako ndinagona pansi m'bafa momwemo. Anaimba foni ndi iwowo. Munthu woti supuni imamugwa m'manja anakwanitsa kudina manambala. Mwana wawo Loredana atafika anati ndi mpweya chabe, akazi a ku Moldova amadya nyemba zambiri.

Sunali mpweya. Akuti magazi anaundana n'kutseka mtsempha wopita kumatumbo, matumbo n'kuyamba kufa mwiniwakene ndikuyenda. Adula. Otsalawo sangakwane kupangira soseji ya mwana mmodzi. Pamimba andimata kathumba, ndipo zimene zimagweramo sindilemba, mwina kalatayi ukuwerengera patebulo. Chimene ndameza chimangodutsa ngati madzi m'dengu. Ndiye akundidyetsa kudzera m'kapaipi kamene alowetsa mumtsempha wa pakhosi. Amapachika thumba loyera pachitsulo, kamakina n'kumakankha pang'onopang'ono. Ine amene ndaphikira anthu moyo wanga wonse, lero mbale yanga ili m'mwamba ngati nyale.

Ntchito yanga wagwirizira Zinovia. Ndamuuza kuti wabwereka, sanagule.

Mphesa muzidulire zisanaphuke, ndipo udule ndiwe, Ghenadie amadula ngati akumeta mkaidi. Mgolo wa vinyo wakumapeto uja usatsegulidwe. Sanda asatumidwetumidwe, mayeso ake omaliza ndi mu Juni ndipo mutu wa mwana sugwira zinthu ziwiri. Nsapato zake ndinagula kale, zili pansi pa bedi kwa a Ottavio. Adikire.

Mayi ako,
Domnica


28 Febuluwale

Aurica,

Moni nonse amene mukuyenera moni. Ine ndayamba kuyenda mpaka pazenera, ndikukoka chitsulo changa ngati mbuzi yokana msika.

Werenga bwino kalata iyi, usaiwerenge ukuonera wailesi ya kanema.

Lachitatu kunabwera adokotala aakazi, owonda ngati kwawo saphika, ndi nesi wina dzina lake Gianna, wamikono ngati wosula makasu. Gianna ananyamula chidole, munthu wapulasitiki wopanda mutu ndi miyendo, n'kudzachikhazika pabedi panga.

Ndinati, “Uyu ndiye mwamuna amene mwandipezera?”

Iye anati, “Ameneyu ndi wabwino, agogo, samwa.”

Adokotala anati ka pakhosi kano ndi ka m'chipatala mokha, sindingatuluke nako, ndiye ndisankhe ka nthawi yaitali. Timapaipi tilipo titatu, ndipo tonse timakathera mumtsempha waukulu pafupi ndi mtima, chifukwa chakudyachi n'chokhuthala, timitsempha ta padzanja chingatiwotche.

Koyamba ndi ka pamkono, pamwamba pa chigongono. Amakaika uli pabedi pako, osapita kufiyeta. Kamakhala miyezi, kakatopa amasinthira mkono winawo. Vuto lake n'lakuti dzanja la mkono umenewo silifikapo, pamene ntchito yolumikiza thumba imafuna manja awiri oyera. Pamafunika munthu wina madzulo kudzalumikiza, m'mawa kudzachotsa, tsiku lililonse limene Mulungu wapereka.

Kachiwiri ndi ka pachifuwa. Kameneko n'ka kufiyeta. Amakayendetsa pansi pa khungu ngati mfuko, n'kukatulutsira pamwamba pa bere, mnofu n'kukagwira. Kamatha zaka, ndipo mwiniwake amakaona, amakagwira ndi manja ake onse awiri.

Kachitatu ndi kabatani kobisika pansi pa khungu, kunja osaoneka kanthu. Kukongola kwake n'komweko. Kuti udye akubaye ndi singano, ndipo kwa munthu wodya tsiku lililonse ngati ine singanoyo imangokhala pomwepo, nesi n'kumabwera kudzasintha sabata ndi sabata. Tizilombo tikalowamo amachita kung'amba kuti akachotse. Ndinati kameneko kapatseni akazi osambira m'nyanja, ine ndabayidwa mokwanira.

Adokotala anafunsa ngati kumudzi kwathu matumba amenewa angamandifike. Ndinaseka mpaka ulusi wa pamimba unakoka. Ndinati kwathu mvula ikagwa ngakhale ambulansi imaima pamlatho n'kuliza hutala kuti wodwala abwere yekha. Ndiye za kubwerera kumudzi iwala. Ndikhala kuno.

Kenako anati, “Mayi, kukanakhala kusankha ine, ndikanatenga ka pachifuwa. Matenda anuwa si a miyezi.”

Ndinati, “Ka pamkono.”

“Nanga azikulumikizani ndani?”

“Ndili ndi mwana wamkazi. Manja ake ndi abwino, amasoka.”

Anandiyang'ana kanthawi, kenako analemba.

Ndiye wamva. Pachifuwa sindikufuna mpeni, andicheka mokwanira. Chifukwa chake n'chimenecho, usafunefune china. Minibasi yobwera kuno imanyamuka Lachinayi, ndipo masiku ano pasipoti yokha ikukwanira, sizili ngati ife amene tinadutsa m'nkhalango. Akuphunzitsa masabata awiri konkuno. Bedi la kuchipinda changa kwa a Ottavio n'lalikulu, ndipo ine ndatha, sinditenga malo. Sindikukupempha. Ndikungokuuza zimene ndawauza adokotala.

Popeza tili m'nyengo yosala, ndinafunsa Gianna ngati zoyera za m'thumbazi ndi mkaka. Akuti ndi mafuta, shuga, mchere ndi kadzira pang'ono. Ndinatuma Zinovia akafunse abambo a kutchalitchi kwathu kuno, ndipo ayankha kuti chosadutsa pakamwa sichiswa kusala. Ndiye chaka chino ndasala kuposa mabishopu. Inu kumeneko musandinamize, ndikudziwa kuti nyama yamchere ija mwayamba kale.

Mayi ako


14 Malichi

Aurica,

Ndathokoza pomva kuti nonse muli bwino kupatula msana wako, umene umadzuka nthawi zonse ukamva dzina langa. Ine sabata yatha sindinalembe. Thupi linatentha pang'ono, anachotsa ka pakhosi n'kuika kena mbali inayo. Zina za sabata imeneyo n'zosafunika.

Kalata yako ndaiwerenga, sinanditengere nthawi. Nkhumba ili ndi bere. Nkhumba zakhala zikuswa zokha chilengedwere dziko, sindinamvepo yofuna mzamba. Abwana akusitolo akuchotsa ntchito. Ntchito imeneyo malipiro ake ndi ofanana ndi khofi ndi sopo amene ndinkaika mukatoni. Ghenadie satha kuphika. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu amene anaphunzira yekha kutsegula mgolo, aphunziranso kutsegula dzira. Chipinda cham'mwamba chimene anayamba kumanga Sanda ali m'kalasi yachitatu chilibe denga mpaka lero, ndiye usandiuze kuti watanganidwa.

Mawu amodzi okha ndinawafufuza m'kalatamo mpaka kuseri kwa pepala. Sunati ubwera, sunati subwera. Unati tiona. Amene akuona ndi adokotala, ndipo akuona kalendala.

Lamlungu a Ottavio anabwera pa njinga ya olumala, Zinovia akukankha. Anandibweretsera mananchesi, munthu wopanda matumbo, n'kuyamba kusenda n'kumadya okha.

Anati, “Domnica, bwerera. Mnzakoyu msuzi wake ndi madzi otsukira mbale.”

Zinovia ali pomwepo, nkhope itafiira.

Ndinati, “Bambo, wanga munkati ndi wamchere ngati nyanja.”

“Nyanja ili ndi kukoma kwake. Chipinda chakumbuyo n'chako, uchire kapena ufe.”

Mawu abwino ngati amenewo ndawamva kwa Mtaliyana wa mano atatu, m'kalata ya mwana wanga sindinawapeze.

Loredana anadikira kuti bambo ake atuluke kaye. Anaima kumiyendo kwa bedi, chikwama chili pamkono ngati wina amulanda.

Anati, “Mayi Domnica, tisanamizane. Bambo akana kuti muchoke, nyumba ndi yawo, ine ndangokhala chete. Firiji ya matumba anuwo ndigula, asakhale pamodzi ndi zakudya za bambo. Koma Zinovia timamulipira kuti asamale munthu mmodzi. Mapaipi anu asagwire. Chikakuchitikirani, asatchulidwe wa m'nyumba mwathu.”

Ndinati, “Musade nkhawa, mayi, ndikamafa ndidzatulukira panja kuti ndisadetse kapeti.”

Anati, “Ndi mwa matailosi, komabe zikomo.”

Ngakhale akanalola, Zinovia si munthu wopatsa mtsempha wako. Ukukumbukira anakomoka paukwati wako ataona nkhuku ikuphedwa.

Adokotala aika tsiku la Lachinayi, pa 26, loika ka pamkono, koma akuti aone kaye nkhope ya amene aziphunzitsidwa. Andifunsanso za ka pachifuwa. Gianna naye akungondizungulira ndi chidole chake. Ndawauza kuti mwana wanga akulongosola za pakhomo, afika. Mayi wa bedi loyandikana ndi langa ana ake amabwera atatu, amakangana za amene amupese tsitsi. Ine ndimatembenukira kukhoma kuti ndisamve phokoso.

Mbatata zobzala uzitulutse m'chipinda chapansi zione kuwala. Udzere kwa abambo a kutchalitchi ulembetse dzina la malemu bambo ako pa Loweruka la akufa, chaka chatha unaiwala ndipo ndinamva.

Mayi ako


21 Malichi

Aurica,

Moni onse a lero ndapereka kwa Sanda, sanatsale. Za thanzi langa usafunse, wasonyeza kale mtengo wake.

Zinovia wabwera dzulo akulira. Ndinayesa akulirira ine, koma amalirira ntchito. Akuti unamuimbira, pafoni yomwe ija imene imakhala yopanda mayunitsi ikamaimbidwa kwa ine. Akuti mwagwirizana ndi Ghenadie kutumiza Sanda nyengo ya Pasaka ikangotha. Azindilumikiza madzulo, azindichotsa m'mawa, ndipo masana, popeza manja adzakhala ali chabe, atenge ntchito ya kwa a Ottavio kuti makatoni ayambenso kuyenda. Mayeso akuti adzalemba chaka china.

Nzeru imeneyi ndaizindikira mwini wake. Ikununkha mgolo.

Ine ndinaitanitsa nkhuku yaikulu, iwe ukutumiza mwanapiye.

Ntchito imeneyi ukuidziwa? Sunafunsepo. Ndi kupukuta munthu wamkulu kumbuyo iye akukutukwana. Ndi kudya choimirira. Ndi kutuluka Lamlungu masana okha, kukakhala pabenchi ndi akazi ena akumudzi, tonse titagwira zithunzi za ana amene akula tisakuwaona. Pabenchi imeneyo palibe amene anati akubwera kudzakalamba. Aliyense anati chaka chimodzi, denga likatha ndibwerera. Ine ndinachoka Sanda asanayambe kugulula mano. Chaka china chimene mukunenacho ndikuchidziwa, ndakhala ndikuchidikira mpaka matumbo andithera.

Mwana ameneyo ndi yekhayo m'banja mwathu amene amawerenga buku osagwedeza milomo. Ndinanyamula nkhalamba za eni kuti iye asadzanyamule. Ndiye lero mukufuna kumubweretsa kuno pogwiritsa mkono wanga ngati chingwe.

Sindikulemba zambiri. Lolemba ndionana ndi adokotala.

Domnica


28 Malichi

Aurica,

Ndikhulupirira nkhumba yaswa bwino ndipo mayi ndi ana ali mumtendere. Ine ndili ndi mabala awiri atsopano, lina pafupi ndi khosi, lina pachifuwa.

Lolemba ndinawauza adokotala kuti ndasintha, ndikufuna ka pachifuwa.

Anati, “Mpeni simukuuopanso?”

Ndinati, “Ndaona zoopsa kuposa mpeni.”

Sanafunse zambiri, mayi amene uja ndi wowonda koma si wopusa. Anangoti, “Mumve bwino. Kapaipi sikasamba m'manja kokha. Gianna akapanda kukhutira kuti mukutha nokha, simutuluka muno popanda wachibale wophunzitsidwa, kakhale pachifuwa kapena pamphumi. Kachilombo kamodzi kakalowa pamenepo kafika kumtima musanamalize kuvala nsapato.”

Ndinkayesa kusankha kwathera pomwepo, koma ayi. Kalipo ka kamwa imodzi, kalipo ka ziwiri. Ndinati ndipatseni ka ziwiri, chinthu chaulere umatenga chachikulu. Gianna anati ayi, nyumba ya zitseko ziwiri akuba amaikonda. Ndinangoti chabwino, pa za akuba ndili ndi mkamwini, ndikumvetsa.

Kenako kusankha malo. Gianna anabwera ndi cholembera. Anandikhazika, anandiimiritsa, anandiuza ndivale kamisolo kanga ka masiku onse kuti aone pamene lamba amadutsa. Akuti munthu akagona chagada khungu limakhala pena, akaimirira limapita pena, makamaka ife amene mabere anatsika kalekale kukacheza ndi mchombo. Akalemba uli chogona, umadzuka kapaipi kali kunsi kwa bere, kumene sungakaone popanda galasi. Pafunikanso patalikirane ndi kathumba ka pamimba.

Analoza ndi chala. “Yang'anani pansi, agogo. Apa mukuona chiyani?”

“Ndikuona bere limene linayamwitsa munthu wosayamika.”

“Ndiye tikweze pang'ono.”

Anakweza mpaka pamene maso anga amafika bwino ndi manja onse awiri, n'kulembapo kadontho. Chingwe cha kamtanda kanga anachifupikitsa kuti kasamagunde pabala.

Lachinayi lomwe lija limene anasungira mkono ndi limene anandilowetsa kufiyeta. Sanandigoneke tulo, anangopha malowo n'kundiphimba nkhope ndi nsalu. Ndinkamva akukoka pansi pa khungu ngati munthu akulowetsa lamba mu siketi, uku akukambirana za mpira. Panopa pachifuwa panga pakulendewera kanthu koyera ngati mchira wa mbewa. Sikokongola. Bambo ako ali kumanda, palibe woti adandaule.

Ka pamkono kaja kakanakhala kosavuta kwa ine. Ndikanangotambasula mkono ngati mfumukazi, wina n'kumagwira ntchito, mwina n'kumandiuzako nkhani za kumudzi. Basi, zatha.

Umuuze Ghenadie akabweze malo a m'minibasi. Sanda alibe chodzachita kuno. Nsapato zake zikubwera ndi kalata ino, ndamutuma Zinovia azitenge pansi pa bedi. Akazivala azilowera kusukulu.

Mayi ako


4 Epulo

Aurica,

Moni. Mabala akupola. Mutu ndi umene ukuvuta.

Ndikanakonda kukulembera kuti ndakhoza, koma sindinama pa zinthu zimene Zinovia angakuuze. Ndikulephera.

Ntchito yake ukaiona kwa Gianna ili ngati kusenda mbatata. Usambe m'manja mpaka m'zigongono, nthawi yokwana kunena Atate Wathu kawiri. Upukute tebulo. Utsegule timapaketi osakhudza zamkati. Uvale magolovesi osagwira kunja kwake. Utsuke kamwa ya kapaipi ndi mankhwala, udikire iume, ulowetse madzi amchere, uthamangitse mpweya m'chingwe cha thumba, ndiye ulumikize. Kuyambira pamene wavala magolovesi, manja amenewo si akonso. Sakanda, sakonza mpango, sagwira kanthu kena.

Tsiku loyamba ndinakonza mpango. Lachiwiri ndinaiwala kutseka kotsekera, magazi n'kubwerera m'kapaipi. Zimenezo ndazigonjetsa. Chimene chandikanika ndi china.

Ukudziwa kuti ine sindiyamba ntchito osadzilemba mtanda. Kuika buledi mu uvuni, kukwera basi, kunyamula a Ottavio, dzanja limapita lokha. Ndiye ndavala magolovesi bwinobwino, ndagwira kamwa ya kapaipi, mantha n'kubwera, dzanja lamanja n'kunyamuka, pamphumi, pamimba, paphewa.

Gianna anati, “Vulani. Tiyambirenso.”

Ndinati, “Kodi Mulungu ndi wauve?”

Anati, “Mulungu ayi, agogo. Mphumi yanu. Ndipo mwagunda ndi kathumba komwe.”

Wandiuza ndizidzilemba ndisanasambe m'manja. Ndimatero. Koma ikafika nthawi yolumikiza, pamene pali poopsa penipeni, dzanja limaiwala kuti tinapangana. Lakhala likuchita zimenezi kuyambira ndili wamng'ono, silimva Chitaliyana. Dzulo ndinataya magolovesi mpaka Gianna anati chipatala chitseka chifukwa cha ine. Sanaseke ponena zimenezo. Anati akandipatsa sabata ina, ikakanika tikambe za wachibale.

Ndipo ndamva kwa dalaivala wa minibasi, kudzera kwa Zinovia, kuti malo aja simunabweze. Akadali olembedwa dzina la Sanda, Lachinayi la pa 23. Akuti unati tidikire kaye tione ngati mayi akwanitse. Ndiye mwakhala pamenepo awiriwiri ngati makhwangwala pamtengo, kudikira kuti nkhalamba ilephere.

Dikirani.

Mazira a Pasaka uwafiiritse ndi makoko a anyezi, osati utoto wa m'sitolo umene umalowa mpaka mkati. Zimenezi ndakuuza chaka chilichonse.

Domnica


Kwa a Ottavio
18 Epulo

Aurica,

Khristu wauka. Uyankhe wekha kumeneko kuti waukadi, ine ndamva. Ndikulemba nditakhala pampando, m'chipinda chakumbuyo, firiji ya Loredana ikung'ung'udza pambali ngati mwini wake. Ndatuluka Lachinayi.

Pasaka ndinadyera m'chipatala. Zinovia anabweretsa dzira lofiira, ndinalinyambita n'kumubwezera. Tsiku lomwelo ndili kumuyang'ana akukonza maluwa a mayi wa bedi linalo, manja onse atadzaza, kunja kunadutsa galimoto ya maliro. Ndinaona tsaya lake likugwedezeka. Ndinakumbuka agogo ako. Manja akakhala mu ufa, belu la kutchalitchi n'kulira, sankasiya kukanda, ankadzilemba mtanda ndi lilime m'kamwa, kumwamba, kunsi, uku ndi uku. Akazi onse akwathu amadziwa zimenezi, ine ndinangoziiwala chifukwa kuno sindikanda buledi.

Lolemba Gianna anaima manja ali kumbuyo. Nditafika polumikiza, dzanja linayamba kunyamuka, ine n'kulitsogolera ndi lilime. Linabwerera. Kamakina kanalira kulira kwake kwabwino, zoyera zija n'kuyamba kutsika.

Gianna anati, “Mukutafuna chiyani, agogo?”

Ndinati, “Si za anesi.”

Ndinachitanso Lachiwiri, ndinachitanso Lachitatu, iye osapeza cholakwa. Kenako anangoti, “Nyamukani muzipita, mwatithera magolovesi.” Anandipsompsona pamphumi pomwe paja amati n'pauve.

Kuno matumba amabwera ndi galimoto sabata iliyonse, nesi amadzaona bala. Zina zonse ndi manja anga. Madzulo ndimatseka chitseko, a Ottavio amakuwa kuseri kuti kodi ukudya chiyani wekhawekha, ine ndimati zimene inu simungakwanitse kugula. Kunyamula munthu sindingathenso. Ndimakhala pampando kukhitchini n'kumamuuza Zinovia pothira mchere.

Ntchito ndamupatsa Zinovia, yonse, ulere. Ukudziwa kuti malo ngati amenewa akazi amagulitsana, ndipo akanandipatsa zambiri. Ndinafuna zithe msanga. Loredana walemba kale dzina lake. Ndiye kuno kulibe ntchito ya Sanda, kulibe mkono woti agwire, kulibe bedi, pakuti theka linalo ndaikapo makatoni a magolovesi. Dalaivala ndalankhula naye ndekha. Malo a Lachinayi wagulitsa kwa mayi wina wa ku Soroca. Makatoni a Lamlungu atha, muzolowere. Ghenadie ali ndi manja awiri ngati ine, ndipo iye alibe kapaipi.

Tsiku lotuluka adokotala anandiperekeza mpaka pachitseko cha wodi. Anati, “Nanga mwana wanu wosoka uja? Tinkamuyembekezera.”

Gianna anali pomwepo, mayi wa bedi linalo ndi ana ake atatu anali pomwepo, onse makutu ali tcheru.

Ndinati, “Anali atalongedza kale chikwama, adokotala. Ndamukaniza ndine. Ali ndi mwana wolemba mayeso, ndipo ine sindifuna munthu wondipumira m'khosi.”

Onse anagwedeza mitu, mayi uja mpaka anati ndinu odala.

Zinovia ndamuuza kuti nkhani ndi imeneyo, ina aiiwale ngati akufuna kukhalitsa pa ntchito. Chimene chalowa m'khutu mwa Zinovia Lamlungu, Lachitatu chili pachitsime cha kumudzi. Ndiye akakufunsa kusitolo kapena potuluka m'tchalitchi, unene zomwezo. Usaonjezere misozi, sukhoza. Ungoti ndinafuna kupita, koma mayi anga ndi ouma mutu, anakana. Zimenezo aliyense akhulupirira.

Mayi ako,
Domnica